PCSX2 ikukoka pa OptiPlex 7010, ndisinthe chani?

Wa ku Bangwe:
Akuluakulu ndithandizeni, mutu waima. Kasitomala wanga ali ndi kashopu ka magemu kumsika, pa ma PS2 ake anayi, atatu afa ma lens. Akufuna ndimukonzere makompyuta atatu ana azisewera PES 6, Tekken 5, God of War ndi San Andreas. Ndayamba ndi imodzi yoyesera: Dell OptiPlex 7010 SFF (ya bokosi laling'ono), purosesa i3-3220, RAM 4GB imodzi yokha, Batocera (sisitimu yoyendetsera magemu akale) pa hard disk yakale. Za PS1 zikuyenda myaa, Tekken 3 palibe dandaulo. Ndikangotsegula za PS2 pa PCSX2, emulator (pulogalamu yoyendetsa magemu a PS2 pa kompyuta), mawu akukokeka ngati kaseti yotafunidwa, osewera mpira akuthamanga ngati ali m'matope. Ndaikamo khadi ya graphics ya GT 710 palibe chasintha. Munthuyo anandipatsa kale theka la ndalama, akuimba m'mawa uliwonse. Ndigule khadi ina kapena makina ake ndi olakwika?

Madala a ku Mchesi:
Achimwene mukudzivutitsiranji? PS2 fat, network adapter, hard disk mkati, Free McBoot pa memory card (yotsegulira mapulogalamu ena pa PS2), OPL (yosewerera magemu popanda CD). Lens simuifunanso. Atatu akufawo mwawataya?

Wa ku Bangwe:
Onse ndi ma slim madala, hard disk ilowa pati?

Mlongo wa ku Mzuzu:
Musagule khadi ina musanaone purosesa. Emulator ya PS2 katundu wambiri imasenzetsa CPU, ndipo imayang'ana mphamvu ya core imodzi, osati kuchuluka kwake kokha. i3 yanuyo ili ndi ma core awiri basi, pomwe MTVU (setting ya PCSX2 yogawira ntchito core ina) imafuna atatu kupita m'tsogolo kuti ithandize. Socket ya purosesa ya 7010 ndi 1155, ndiye i5-3470 kapena 3570 ingolowa, ma core anayi. Yesani chonchi kaye: resolution muiike pa native (ya PS2 yeniyeni), muyatse zoonetsa liwiro pakona. Mukatsitsa resolution liwiro osasintha, khadi ilibe mlandu. Komanso muone ngati Batocera yanyamula driver ya Nvidia yeniyeni kapena yagwera pa nouveau (driver ina yosachokera ku Nvidia), chifukwa GT 710 ndi yakale, imafuna driver yakalenso.

Fundi wa ku Limbe:
GT 710 ndi yongotulutsira chithunzi pa sikirini, sindiiwerengera ngati khadi ya magemu. Mukafuna low profile (khadi yaifupi yokwana mu SFF) tengani GT 1030, KOMA chenjerani, ilipo mitundu iwiri, ya GDDR5 ndi ya DDR4. Dzina ndi limodzi, bokosi kufanana, mphamvu kusiyana kutali. Ine anandigulitsa ya DDR4 mu shopu ina mtauni muno, ndinazindikira nditafika kunyumba nditatsegula GPU-Z (pulogalamu yoonetsa zamkati mwa khadi). Kubwerera nayo akuti wathyola sitika. Mpaka lero ili mu drowa, ndikaiona mtima umawawa.

Madala a ku Mchesi:
Slim imawerenga pa flash. Ikani OPL, nkhani yatha. Ndalama ya i5 ndi GT 1030 kuchulukitsa katatu mwaiwerengera?

Mlongo wa ku Mzuzu:
USB ya PS2 ndi 1.1 madala. Makanema a mkati mwa God of War amadukaduka, loading ya San Andreas mwana amatha kupita kukagula zitumbuwa n'kubwera. Ndipo mwanayo walipira nthawi.

Madala a ku Mchesi:
PES ilibe makanema ambiri. Ana a kumsika amasewera mpira, God of War amafunsa ndi mmodzi pa sabata.

Aise wa ku Joni:
Nanga kakompyuta kakang'ono kaja, Raspberry Pi? Sidya magetsi, mukhoza kuyendetsa pa batire ya sola.

Fundi wa ku Limbe:
Pi 4 imathera pa PS1 ndi Dreamcast, PS2 iwalani. Chimodzimodzi ma Android box aja olembedwa RAM yambirimbiri pabokosi, ambiri ndi bodza. Ndinatsegulapo imodzi, tchipisi ta mkati sitinkagwirizana n'komwe ndi zomwe zinkaoneka mu settings.

Wa ku Kawale:
Nonse mukukamba za purosesa koma chimene chidzaphe makinawo ndi magetsi ndi fumbi. Chaka chatha ndinaikira munthu wina makompyuta awiri mu kontena yoyang'anizana ndi chigayo. Patangotha miyezi itatu akuimba kuti gemu ikumayamba bwino kenako n'kumakoka pakapita kanthawi. Kutsegula, heatsink yavala bulangeti la gaga, fani ikungolira osakankha mpweya, thermal paste yauma gwa ngati dothi la mu Okutobala. Purosesa ikatentha imadzitsitsa yokha liwiro, inu n'kumaganiza kuti ndi emulator. Ma ex-UK onsewa paste yake ndi ya kufakitale, zaka zoposa khumi. Yanuyo mwasintha musanayambe kuyesa? Chinanso, hard disk yozungulira ndi magetsi ozimazimawa sizigwirizana. Ikani SSD ngakhale yaing'ono, ndipo musunge kope la zonse pa disk ina kunyumba kwanu, chifukwa tsiku lina adzakuimbirani kuti ma save onse apita. Surge protector mumuuze agule yekha, ndipo mumulembere pa risiti kuti board ikapsa ndi magetsi si nkhani yanu. Ine ndinalipira power supply ziwiri m'thumba mwanga chifukwa chochita manyazi.

Wa ku Bangwe:
Paste sindinasinthe, zoona. Ndapeza munthu ali ndi ma OptiPlex 9020 a i5-4570, nditenge amenewo m'malo mokweza 7010?

Mlongo wa ku Mzuzu:
Ngati awiri enawo simunagule, tengani 9020. Haswell (purosesa za 4th gen ngati i5-4570) ili ndi AVX2 (malangizo ofulumizitsa mawerengedwe), 3rd gen ya mu 7010 ilibe, ndipo PCSX2 ya masiku ano imakonda zimenezo. RAM muike ziwiri za 4GB kuti iyende dual channel, musaike imodzi ya 8. Ma ISO (mafayilo a magemu) mukapeza a PAL (a ku Ulaya) amafuna 50 fps osati 60, makina amapumako pang'ono.

Fundi wa ku Limbe:
Power supply ya 9020 pulagi yake ndi ya Dell yokha, si 24 pin wamba. Ikafa mudzayenda Limbe yonse kapena mudzafune adapter. Ndipo musanalipire khadi iliyonse yesani kaye ngati ikukwana mu SFF, zina n'zonenepa, zimagunda power supply.

Madala a ku Mchesi:
Mwaona? Pulagi, driver, paste, AVX. Mwini shopuyo zimenezi azidziwa? Mwana adzadina batani lolakwika, adzalowa mu menu ya Batocera, adzasokoneza mapadi onse, inu mudzakwera minibasi kupita kukakonza ulele. PS2 umangoyatsa. Ine anga akuyenda chaka chachisanu ndi chimodzi.

Wa ku Kawale:
Pamenepo madala akunena zoona, koma kiosk mode ilipo, imabisa settings. Kiyibodi musasiyeko, muchoke nayo. Zimene zinandisowetsa mtendere ine ndi mapadi. Ma USB otchipa aja onse amabwera ndi dzina limodzi, ukazimitsa n'kuyatsa player 1 wasanduka player 2, ana kumenyana. Analog yake sitha mwezi pa PES.

Aise wa ku Joni:
Kodi alipo amene ali ndi ma adapter a padi ya PS2 kupita ku USB, abuluu aja? Ndikufuna awiri, mlamu wanga akubwera kumudzi mwezi wa mawa.

Madala a ku Mchesi:
Ma slim atatuwo ngati mwiniwake sakuwafuna mundiuze, ndiwatenga ine.