Za funso langa lija la zokonza mu RFC 5280

Masiku apitawo ndinafunsa kuti bungwe lina likatchula RFC 5280 (chikalata cha malamulo a masatifiketi a digito otsimikizira mwini kiyi pa intaneti) m'malamulo ake, kodi zolakwika zomwe zinakonzedwa pambuyo pake zimalowa zokha? Ndafufuza, ndipo yankho ndi ayi.

Ku IETF, bungwe lokonza miyezo ya intaneti, chikalata cha RFC chikasindikizidwa zomwe chikunena sizisinthidwanso. Wopeza cholakwika amachitumiza kwa RFC Editor, wosindikiza ma RFC, ngati errata (lipoti la cholakwika), kenako chimavomerezedwa, kukanidwa, kapena kusungidwa kudikira chikalata chatsopano. Chovomerezedwacho chimakhala pambali, RFC yeniyeniyo ili chikhalire. Ku ITU-T, bungwe lokonza miyezo ya mauthenga padziko lonse, zimayenda mosiyana: X.509, muyezo wa masatifiketi womwe RFC 5280 yatsamirapo, yomwenso ndi ISO/IEC 9594-8, imakonzedwa ndi timapepala ta Corrigendum, ndipo zokonzazo zimadzalowa mu kope lotsatira. Njira ya ITU-T yotchulira zikalata za mabungwe ena ili mu Recommendation A.5.

Chomwe chinandigwira mtima ndi RFC 6818 ya 2013. Imeneyi si errata ayi, ndi chikalata pachokha chosintha RFC 5280 ya 2008. Taonani explicitText, timawu ta chidziwitso tomwe timakhala mu satifiketi: ya 2008 inkalola kuwalemba m'kalembedwe ka zilembo kotchedwa IA5String, ya 2013 inailetsa. Munthu wowerenga yoyamba yokha atulutsa satifiketi yolakwika, iye ali ndi chikhulupiriro chonse kuti watsata lamulo. Zimenezi zimandidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa satifiketi imodzi imadaliridwa ndi anthu osawerengeka.

Choncho m'chikalata chathu ndalemba nambala zonse ziwiri, ndi tsiku lomwe ndinayang'ana errata komaliza.