Ngolo yanga inadzandira pamtsetse: kodi ndinalakwitsa pati?

Wofunsa

Ndikupempha uphungu kwa inu amene mwakhala mukukoka ngolo kwa zaka zambiri. Ndili ndi pikapu ya zitseko zinayi, ndipo posachedwapa ndinagula ngolo ya ekiselo imodzi (chitsulo cholumikiza matayala a mbali ziwiri) yopanda mabuleki, imene ikakhala yopanda kanthu imalemera makilogalamu 280 malinga ndi zimene zalembedwa pa kachitsulo ka pamkono wake wokolekera ku galimoto. Sabata yatha ndinapakiramo matumba 10 a simenti ndi matabwa angapo. Nditaona kuti kumbuyo kwa pikapu kwatsika kwambiri, ndinasunthira matumba ambiri kumapeto kwa ngolo kuti galimoto ipepukidwe, ndipo inaimadi mowongoka. Zonse zinali bwino mpaka pamene ndinafika pamtsetse ndikuyenda pa liwiro la makilomita 80 pa ola. Lole yaikulu itandipitirira, ngolo inayamba kudzandira, ndipo pamagalasi ndinkaiona ikutulukira kumanja kenako kumanzere. Ndinaponda mabuleki mwamphamvu, koma kudzandirako kunangowonjezeka mpaka chiwongolero chinkafuna kundipulumuka m'manja. Ndinakwanitsa kuima pambali pa msewu, koma miyendo inali njenjenje. Kodi vuto ndi ngoloyo kapena ndi ine? Nanga zikadzachitikanso ndidzatani?

Dalaivala wopuma

Bambo, tithokoze kuti munatuluka bwino, chifukwa ngolo zambiri zimene zimagubuduza galimoto zimayamba momwemo. Vuto linayamba pamene munasunthira matumba aja kumbuyo. Ngolo ya ekiselo imodzi imakhala ngati sikelo imene pakati pake ndi matayala. Katundu wolemera akakhala kumbuyo kwa matayalawo, mkono wa ngolo umapepuka ndipo nthawi zina umanyamula kumbuyo kwa pikapu m'malo mokukanikiza pansi. Matayala akumbuyo a galimoto sagwiranso bwino msewu, ndipo kamphepo ka lole yodutsa kapena kadzenje kakang'ono kamakwanira kuyambitsa kudzandira kumene kumakula pakokha liwiro likakhala lalikulu.

Kapakiridwe koyenera n'kakuti pafupifupi magawo 60 pa 100 alionse a katundu akhale kutsogolo kwa ekiselo, zolemera kwambiri zikhale pansi ndiponso pafupi ndi ekiseloyo, ndipo mbali ya kumanja ilingane ndi ya kumanzere. Mkono wa ngolo uzikanikiza towbar (chitsulo cha kumbuyo kwa galimoto chokolekerapo ngolo) ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a kulemera konse kwa ngolo ndi katundu wake, bola musapitirire malire olembedwa pa towbar yanu. Ngati zonse pamodzi zikulemera makilogalamu 700, ndiye kuti pamkono payenera kukhala makilogalamu 70 kapena kupitirira pang'ono. Pa ngolo yaing'ono ngati yanuyo mungathe kupima ndi sikelo yopondapo ya m'nyumba. Imikani ngolo pamalo osalala, tsekerani matayala kuti isagudubuzike, ikani sikelo pansi, ndipo pakati pa sikelo ndi nsonga ya mkono muimikepo mtengo wodula bwino kuti mkonowo ukhale pa msinkhu umene umakhala ukakolekedwa ku galimoto. Mukatero muzisuntha katundu mpaka nambala ikhale bwino, kenako mumumange ndi malamba olimba, popeza thumba limene latsetserekera kumbuyo paulendo limawononga zonse zimene munapima.

Pa funso lanu lachiwiri, ngolo ikayamba kudzandira musaponde mabuleki mwadzidzidzi ndipo musalimbane nayo pokhotetsa chiwongolero uku ndi uku. Gwirani chiwongolero ndi manja awiri chili chowongoka, chotsani phazi pamoto pang'onopang'ono, ndipo lolani kuti liwiro litsike lokha. Mukaponda mabuleki mwamphamvu, pikapu imachepetsa liwiro koma ngolo yopanda mabuleki imabwerabe ndi mphamvu yake yonse, ndiye imakankha galimoto chammbali.

Makaniko

Zonse zimene akulu anenazi n'zoona, koma ine ndikuona vuto lina limene kupakira bwino sikungalithetse. Thumba la simenti limalemera makilogalamu 50, choncho matumba 10 ndi makilogalamu 500. Tikaphatikiza ndi 280 a ngoloyo tafika kale pa 780, matabwa tisanawawerenge n'komwe. Malire amene opanga magalimoto ambiri ndiponso malamulo a mayiko ambiri amaika pa ngolo yopanda mabuleki ndi makilogalamu 750, ngolo ndi katundu pamodzi. Anthu amasokonezeka akamva kuti mapikapu ena amakono, monga mitundu ina ya Toyota Hilux ndi Ford Ranger, amakoka makilogalamu 3,500. Nambala imeneyo imanena za ngolo imene ili ndi mabuleki akeake. Onani m'buku la galimoto yanu ndipo mudzapeza nambala ziwiri zosiyana, ina ya ngolo ya mabuleki ndi ina ya ngolo yopanda mabuleki. Nayonso ngolo ili ndi malire ake pa kachitsulo kamene munawerengako kaja, ndipo nambala yaing'ono pa zonsezi ndiyo muyenera kuitsata.

Ndikufunanso mukaone pokolekera. Kampira kachitsulo ka towbar kamene kamapezeka kwambiri ndi ka mamilimita 50, koma ngolo zina zopangidwa motsatira miyeso ya ku America zimafuna ka mainchesi 2, kamene ndi mamilimita 50.8, kapena ka miyeso inanso. Kusiyanako sikuoneka ndi maso, koma kumachititsa kuti chokolera chisagwire bwino ndipo chingathe kudumpha pa bampu. Mukakoleka, tsekani loko wake, kenako yesani kunyamula mkono m'mwamba. Ngati wagwiradi, kumbuyo kwa pikapu kumayamba kunyamuka nawo. Matcheni awiri achitetezo muziwapingasa pansi pa mkono, kuti ngolo ikapulumuka mkonowo ugwere pa matcheni m'malo molasa phula. Akhale omasuka mokwanira kuti muthe kukhota, koma asamakwekwereze pansi.

Matayala a ngolo ndi amene amanyalanyazidwa kwambiri, chifukwa amaoneka atsopano ngakhale atakalamba. Ngolo imakhalitsa padzuwa osayenda, ndipo mphira umang'aluka m'mbali mapanga ake akadali akuya. Pambali pa tayala pali nambala imene imayamba ndi zilembo za DOT, ndipo manambala anayi omaliza amanena sabata ndi chaka chimene linapangidwa, mwachitsanzo 2319 ndi sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Mpweya muziupima matayala asanatenthe, chifukwa tayala lofewa nalonso limayambitsa kudzandira. Mukayenda makilomita ochepa, imani, onaninso malamba ndi manati, ndipo yandikizani dzanja pakati pa gudumu lililonse. Kufunda pang'ono si vuto, koma ngati pakuwotcha moti simungagwirepo, maberingi auma kapena atha, ndipo gudumu lingathe kuchoka muli paulendo. Magetsi a mabuleki ndi maindiketa a ngolo muziwayesa nthawi iliyonse mukalumikiza pulagi.

Mayi wokoka ngolo

Ndiwonjezereko za kayendetsedwe, chifukwa pali uphungu wina umene ndimaumva kawirikawiri ndipo ndimautsutsa. Ena amati ngolo ikadzandira muziwonjezera moto kuti iwongoke. Kudzandira kumakula ndi liwiro, choncho mukatero mumangochititsa kuti ngozi ikachitika ikhale yoopsa kwambiri, makamaka pamtsetse pamene ngolo ikukukankhani kale. Amene ali ndi ngolo ya mabuleki amagetsi angathe kugwiritsa mabuleki a ngolo yokha pogwiritsa ntchito kachipangizo ka m'galimoto, ndipo izi zimaiwongoladi, koma inu mulibe mwayi umenewo.

Mtsetse umakonzekeredwa musanauyambe. Chepetsani liwiro muli pamwamba, ikani giya yaikulu mphamvu ngati imene mukanakwerera chitunda chomwecho, ndipo injini ikuthandizeni kugwira galimoto. Mukamangodalira mabuleki njira yonse amatentha n'kuyamba kufooka. Mpata wa pakati pa inu ndi galimoto ya kutsogolo ukhale wowirikiza kawiri poyerekeza ndi masiku onse, ndipo pokhota muzitenga kona motakasa popeza matayala a ngolo amadutsa mkati mwa njira imene pikapu yadutsa. Mukaona lole ikubwera pagalasi, chotsani phazi pamoto isanakufikeni ndipo gwiritsitsani chiwongolero. Pobwerera m'mbuyo, ikani dzanja kumunsi kwa chiwongolero, ndipo kumene dzanja lapita ndi kumene kumbuyo kwa ngolo kudzalowere. Ine ndinaphunzira zimenezi pabwalo lopanda anthu, ndipo zinanditengera masiku angapo ndisanazolowere.

Wofunsa

Zikomo kwambiri nonse. Ndaona m'buku ndipo malire a ngolo yopanda mabuleki ndi 750 ndithu. Ndapakiranso matumba 8 okha n'kupima monga munandiuzira, ndipo sikelo yaonetsa makilogalamu 70. Komabe kumbuyo kwa pikapu kumatsikabe ndikakoleka. Tsiku lija m'galimoto tinalimo anthu anayi, ndipo kumbuyo kwake ndinaikako njerwa ndi zipangizo zogwirira ntchito. Kodi kutsikako n'koopsa?

Makaniko

Kutsika pang'ono n'kwachibadwa, Bambo, ndipo kumasonyeza kuti mkono ukukanikiza monga uyenera. Koma makilogalamu 70 okha sangatsitse pikapu kwambiri, choncho amene anaitsitsa tsiku lija ndi njerwa ndi anthu aja. Pikapu ili ndi malire a katundu amene ingasenze payokha, ndipo m'malire amenewo mumalowa dalaivala, apaulendo, zonse zimene zili kumbuyo, ndiponso kulemera kwa mkono wa ngolo. Palinso malire ena a galimoto ndi ngolo zikaphatikizidwa, ndipo manambala onsewa ali m'buku lomwelo kapena pa chikwangwani chaching'ono cha pakhomo la dalaivala. Kumbuyo kukatsika kwambiri, kutsogolo kumanyamuka, chiwongolero chimapepuka, mabuleki akutsogolo sagwira mokwanira, ndipo usiku magetsi anu amathobwa m'maso mwa amene mukukumana nawo. Mankhwala ake ndi kuchepetsa katundu wa mu pikapu ndi kusunthira wotsalayo pafupi ndi kabini, osati kukankhira katundu wa mu ngolo kumbuyo. Mukatha, imani patali pang'ono n'kuyang'ana chammbali: ngolo ioneke yowongoka kapena yoweramira kutsogolo pang'ono chabe. Ngati yaloza m'mwamba ngakhale mwapakira bwino, msinkhu wa towbar sukugwirizana ndi wa ngoloyo, ndipo muyenera kuusintha musanayambe ulendo wina.