Ulendo wa ndekha: Great Zimbabwe, Beira mpaka Ilha de Moçambique, $500 ingakwane?

mtsikana_wa_Mufakose

Moni nonse akuluakulu. Ndine mtsikana wa zaka 27, ndinabadwira konkuno ku Mufakose mu Harare, Zimbabwe, koma agogo anga aamuna kwawo kunali ku Machinga, anabwera kudzera ku Tete kudzagwira ntchito m'mafamu nthawi ya atsamunda ndipo sanabwererenso. Ndimagwira ntchito mu saluni mtaunimu, ndakhala ndikuponya pambali pang'onopang'ono kwa chaka ndi theka ndiye pano zakwana $500, ndipo abwana andipatsa masabata atatu mu Ogasiti.

Maganizo anga ndi awa, ndiyambire ku Great Zimbabwe chifukwa zimandipweteka kuti azungu amachoka kutali kudzaona malo amenewa ine ndili pompano sindinapondeko, kenako Mutare, Beira, nditsike ku Inhambane ndi Tofo ndikaone nyanja ya mchere yomwe ndimangoiona pa foni, ndikwerenso mpaka Ilha de Moçambique, ndiye ndilowe Malawi ndikafufuze abale ku Machinga, pobwera ndidzere Mwanza, Tete, Nyamapanda njira yomwe anadzera agogo. Chikwama chimodzi chakumsana basi, ndekha.

Mayi anga akuti mwana wamkazi sayenda yekha dziko la eni, sakundiyankhula bwinobwino sabata yonse ino. Ine mtima wanga uli komweko. Amene munayendako ndiuzeni zoona, ndalamazi zikwana? Nanga ndi pati pomwe ndiyenera kuchenjera kwambiri?

Malume_wa_thiraki_Dzivarasekwa

Mwananga, ine msewu wa Beira ndauyenda zaka zambiri ndi thiraki ndiye mvera. Choyamba Inhambane ichotse. Ukafika pa Inchope pamene msewu wa Beira umakumana ndi EN1, msewu waukulu wa Mozambique, Inhambane ili kumwera, Ilha ili kumpoto, ndipo mbali zonse ndi ulendo wa tsiku lathunthu kapena kuposa. Ukafuna zonse ziwiri masabata ako atatuwo athera m'basi, ndalama nazo zithera matikiti. Sankha kumpoto poti ndi komwe kukutulutsire ku Malawi.

Ukachoka ku Masvingo usabwererenso ku Harare, pali msewu wopita ku Mutare wodzera pa Birchenough Bridge, mlatho wachitsulo uja wa 1935 pa mtsinje wa Save. Ku Mutare gona, m'mawa uwoloke boda ya Forbes, mbali ya Mozambique ndi Machipanda. Kuchoka pamenepo kukafika ku Beira ndi makilomita pafupifupi 290, ma chapa alipo, chapa ndi kombi yakumeneko, amapanikiza anthu kuposa kuno. Mwina usintha pa Chimoio.

Kuchoka Beira kupita Nampula ndiye pali ntchito, pafupifupi makilomita 1,000 ndipo chigawo cha Inchope kukafika ku Caia ulendo wanga womaliza chinali maenje okhaokha. Mabasi akumeneko amanyamuka kusanache, tikiti gula dzulo lake. Pa Caia pano pali mlatho pa Zambezi kuyambira 2009, kale tinkagona pamzere kudikira pantoni. Pasipoti isachoke pathupi pako, amaifunsa pamsewu, ndipo uyang'ane wekha kuti akudindira masiku angati usanachoke pa windo. Kumpoto kwenikweni ku Cabo Delgado usapiteko, kwakhala nkhondo kuyambira 2017, munthu asakunyengerere kuti tiye ku Ibo.

woyendayenda_Highfield

Mng'ono wanga pita. Ine ndinayenda njira yomweyi ndekha, ndine mzimayi ngati iwe, ndipo ndikanakhala ndi tchuthi ndikanakuperekeza. Amalume anena zoona za Inhambane, isiyire chaka china.

Ku Beira masiku awiri akwana. Ndi tauni yotopa, Cyclone Idai ija ya Malichi 2019 inaivulaza kwambiri, komabe ili ndi zake. Pita ku Macuti madzulo komwe kuli nsanja yowunikira zombo, pansi pake pali chisitima chakale chadzimbiri chitagona mumchenga, ine nyanja ya mchere ndinayamba kuionera pamenepo ndipo ndinalawa madziwo ndi chala kuti nditsimikize. Kuli Grande Hotel, chihotela chachikulu chomwe Apwitikizi anamanga m'ma 1950 n'kutseka mu 1963, pano mukukhala mabanja ambirimbiri, zovala zili pa zingwe m'makonde, mitengo yamera padenga. Ukafika pamenepo usangotulutsa foni n'kumajambula ngati kumalo osungira nyama, ndi pakhomo pa anthu, pereka moni kaye.

Koma mtima wa ulendo wako ndi Ilha, masiku ako ambiri uwasungire kumeneko. Kuchoka ku Nampula ndi makilomita ngati 180 pa chapa, kenako mumalowa pa mlatho wopapatiza wopitirira makilomita atatu, galimoto imodzi basi, zikakumana ina imapatuka podikirira, uku madzi uku madzi. Chilumbacho ndi chaching'ono, makilomita atatu m'litali, umachizungulira wapansi osalipira kanthu ndiye ndalama ya transipoti imapuma. Linali likulu la Mozambique mpaka 1898 pomwe analisamutsira ku Lourenço Marques, Maputo wa lero. Kumapeto kwake kuli linga la São Sebastião lomwe anayamba kumanga mu 1558, ndipo kuseri kwa lingalo, pamwala penipeni pomwe mafunde amamenya, kuli katchalitchi kakang'ono ka 1522, Nossa Senhora de Baluarte. Ndinalowamo ndekha masana, mulibe mipando, mphepo yokha ikulowa pa kazenera kooneka ngati mtanda, ndinakhala pansi mwina ola lathunthu osafuna kutuluka.

Za ndalama, usagone m'nyumba zokonzedwa bwino za mbali ya nyumba zakale zamiyala, zimenezo mitengo yake ndi ya alendo a ndege. Funsa mbali ya Macuti, ya pachilumba pomwepo osati ya ku Beira ija, komwe kumakhala eni chilumba, kapena malo ogona anthu angapo chipinda chimodzi. Ine ndinagona kwa mayi wina wachimakuwa yemwe ankadzola musiro, phala loyera la mtengo wopera, kumaso m'mawa uliwonse, Chipwitikizi changa chinali mawu khumi okha koma tinkamvana ndi manja. Chakudya idya cha pamsika, pão, buledi wakumeneko, wotentha ndi tiyi m'mawa, masana xima yomwe ndi nsima yathu yomweyi ndi matapa, matapa ndi chigwada chotendera koma amathiramo kokonati, ukalawa udzandiuza. Nsomba gula kwa asodzi ngalawa zikamakocheza, upemphe pomwe ukugonapo akuphikire.

$500 ikwana ngati ukudya choncho ndi kugona motchipa, koma ilibe malo a zovala zatsopano kapena maboti opita ku tizilumba tina. $80 uibise payokha, uiiwale, ndi yobwerera zikavuta. Tenga neti yako ya udzudzu, malungo akugombe si masewera, ine anandigwira nditafika kale ku Mangochi ndipo ndinagona masiku anayi.

Aphunzitsi_opuma_Mabvuku

Mwana wanga, ndasangalala kuti wayambira kunyumba. Ndinkapita ndi ana asukulu ku Great Zimbabwe kangapo ndiye pempho langa ndi loti usakathamange. Ndi makilomita ngati 30 kuchoka mu Masvingo, kombi imakusiya chapafupi. Fika m'mawa dzuwa lisanakwere uyambe ndi phiri, ukwere njira yakale ija yopanikizika pakati pa miyala moti mapewa amakhudza uku ndi uku, ukafika pamwamba chigwa chonse chili pansi pako. Kenako utsike ku mpanda waukulu uja, khoma lake limafika mamita 11 ndipo mulibe simenti kapena dothi logwiriziza, miyala yosanjikiza basi, yakhala choncho zaka mazanamazana. Ika dzanja pakhomapo. Tenga chitupa chako cha kuno polowa chifukwa mtengo wa nzika ndi wosiyana ndi wa alendo.

Chomwe ndikufuna udziwe ndi chakuti ulendo wakowu ndi njira imodzi yakalekale. Golide wa kuno ankatsikira ku gombe la Sofala kumwera kwa Beira, ndipo m'mabwinja a Great Zimbabwe anapezamo mikanda ndi mbale zochokera ku China ndi ku Persia, Mpwitikizi asanaone n'komwe nyanja imeneyo. Atsamunda anakana kwa zaka zambiri kuti munthu wakuda angamange zoterezi, boma la Rhodesia linkafinya ngakhale olemba mabuku a alendo kuti asanene zoona.

Ndipo ku Ilha usakangosirira makoma okongola. Minyanga ndi akapolo ambiri omwe ankakwezedwa zombo kumeneko ankachokera kumtunda, mbali za nyanja ya Malawi, kwawo kwa agogo ako komweko. Pali kamunda kachikumbutso ka akapolo pachilumbapo, Jardim de Memória, ukapiteko. Mbali ya Macuti yomwe akukuuza mkulu wakoyo ili m'munsi kuposa msewu chifukwa ndi momwe ankakumba miyala yomangira nyumba za mabwana. Ine sindinafikeko, miyendo inatha, ukabwere udzatiuze.

mayi_wa_kaunjika_Mbare

Ine ndiye ndili mbali ya mayi ako, pepani nonse. Ndimawoloka pa Machipanda kukatenga mabelo pafupifupi mwezi uliwonse ndipo zomwe ndaona ine sindingalole mwana wanga apite yekha ulendo woyamba. Anthu mukumuuza za matchalitchi ndi matapa koma simukumuuza kuti basi ikafa usiku pakati pa tchire atani, chiyankhulo sakuchidziwa, foni ilibe netiweki.

Koma poti ndikuona kuti wamanga kale mtima, imva izi mwana iwe. Pa boda anyamata osintha ndalama adzakuzungulira, ine wina anandiwerengera ma metical, ndalama za ku Mozambique, bwinobwino pamaso panga, ndikufika ku Chimoio ndikupeza pakati anapinda mapepala, theka kulibe, ndinalira mu chapa anthu akundiyang'ana. Sintha zochepa zongokufikitsa kutsogolo, uwerenge wekha ndalama ili m'manja mwako usanapereke dola yako. Madola ako akhale atsopano osang'ambika, ang'onoang'ono, ugawe patatu, ina mu kathumba kosokera mkati mwa siketi. Gula layini ya kumeneko tsiku loyamba, Vodacom kapena Movitel, uzitumiza uthenga kwa mayi ako m'mawa ndi madzulo. Chitenje chisasowe, ndi chofunda m'basi, ndi chovala ukamadutsa pa mzikiti poti kumpotoko Asilamu ndi ambiri. Mu chapa khala pafupi ndi azimayi, ndipo munthu akafunsa uziti amuna anga akundidikira kutsogoloku. Ndipo usafike tauni yachilendo usiku, bola kutaya tsiku.

Mayi akowo usawanyoze, akuopa chifukwa amakukonda. Khala nawo pansi uwaonetse njira yonse papepala.

woyendayenda_Highfield

Amayi zonse mwanenazo ndi zoona, makamaka zofika usiku. Ine ku Nampula ndinafika mdima utagwa ndipo ndinachita mantha kwambiri, mayi wina yemwe tinakhala limodzi m'basi ndi amene anandigwira dzanja mpaka pa malo ogona. Koma kudikira munthu woti upite naye ndi komwe kunandidyera zaka zitatu, aliyense amati chaka chamawa.

Ndinaiwala za njira yolowera ku Malawi. Kuchoka ku Nampula kuli sitima ya anthu yopita ku Cuamba, siyenda tsiku lililonse ndiye ukangofika ku Nampula pita ku siteshoni ukafunse masiku ake usanapite ku Ilha, kuti ubwerere tsiku loyenera. Imatenga tsiku lonse koma mapiri amiyala a njira imeneyo sudzawaiwala, ndipo pa siteshoni iliyonse anthu amagulitsa anyezi, nthochi, chinangwa pa windo. Ku Cuamba ukwere chapa ya ku Mandimba, uwoloke ulowe Chiponde, pakati pa maboda awiriwo pali kamtunda ndiye ukwera kabaza. Ukangomva Chiyao ndi Chichewa pamsika wa Chiponde udziwa kuti wafika. Kenako Namwera, kutsika phiri kulowa Mangochi, Liwonde, Machinga ili pompo. Masiku akatsala Zomba ili pafupi, linali likulu mpaka 1975 ndipo nyumba zakale za boma zikadalipo m'munsi mwa phiri.

mtsikana_wa_Mufakose

Zikomo kwambiri nonse, ndawerenga kawiri kawiri. Inhambane ndaichotsa ngakhale zikundiwawa. Amayi a ku Mbare, dzulo ndinachita zomwe munanena, ndinajambula njira yonse pa pepala la kalendala ndikukhala nawo pansi mayi anga. Sanavomere, koma nditatchula Machinga anakhala chete kenako analowa kuchipinda n'kutuluka ndi kalata yakale ya agogo yomwe ine sindinkadziwa kuti ilipo, ili ndi dzina la mudzi ndi la mfumu. Akuti ngati ndikupitadi ndikafike kumeneko ndikanene kuti bambo awo anamwalira mu 1998 ndipo anaikidwa kuno, chifukwa palibe anapita kukanena. Ndiye pano ulendowu wakula kuposa momwe ndinkaganizira.

Funso lina amalume, pobwera kuchoka ku Blantyre kudzera ku Tete ndi tsiku limodzi kapena ndiwerengere awiri? Ntchito ndikuyamba Lolemba.

Malume_wa_thiraki_Dzivarasekwa

Basi imatha kufika tsiku lomwelo koma uli ndi maboda awiri, Mwanza ndi Zobue kenako Cuchamano ndi Nyamapanda, mzere ukakula mumalowa mu Harare usiku kwambiri. Nyamuka Lachisanu, Loweruka likhale lapadera. Ku Tete kumatentha ngakhale mu Ogasiti ndiye madzi akumwa ugulire ku Mwanza. Ndipo kumudziko usakalowe chimanjamanja ndi uthenga wa maliro, pa $500 yakoyo patula ya shuga, sopo ndi chitenje cha azigogo omwe ukawapeze, ukayambire kwa amfumu iwo ndi amene akakulozere khomo.