Ana a Sitandade 2 sakuwerengabe, ndithandizeni

Aphunzitsi anzanga, ndili ku Namwera, ana ambiri kunyumba amayankhula Chiyao ndiye maphatikizo akuvuta heavy, buku limodzi akugawana asanu, teremu ikutha. Mukuchita bwanji inu?

Mphunzitsi wa ku Monkey Bay:
Madamu musadikire mabuku, TALULAR basi, kuphunzitsa ndi zinthu zopezeka pamalo pomwepo. Ine ndimadula makatoni, kulemba ma, me, mi, mo, mu, ana nkumalumikiza okha, zitsekerero za mabotolo nazonso zimatheka.

Mayi wa ku Malindi:
Yambirani pa zomwe akudziwa, mwana akati mesi inu mulembe madzi pambali pake, somba nsomba, amagwira msanga zedi.

Mphunzitsi wopuma:
Pitani ku TDC (likulu la aphunzitsi m'zoni mwanu) mukafunse a PEA (alangizi a sukulu za pulayimale) timabuku toonjezera ta NRP (pulogalamu ya boma yophunzitsa ana kuwerenga), kwina tangokhala mukabati mpaka chiswe. Nthano za Kalulu aziwerenga mokweza, amazikonda.