Kodi tipemphe kuti asinthe chiyani pa maonekedwe a Scratch 3.0?

mphunzitsi_wa_loweruka analemba kuti:

Anzanga amene mumaphunzitsa ana kupanga mapulogalamu a pakompyuta, ndabwera kudzapempha nzeru. Loweruka lililonse m'mawa ndimakumana ndi ana khumi ndi awiri, wamng'ono wa zaka 9 ndipo wamkulu wa zaka 14, ndipo timagwiritsa ntchito Scratch 3.0 yosalira intaneti pa malaputopu asanu akale. Pulogalamuyi ndimaikonda kuchokera pansi pa mtima, chifukwa mwana amene sanakhudzepo kompyuta amatha kuyendetsa kamphaka ka mu Scratch pa siteji (mbali ya sikirini imene masewera amaonekera) tsiku loyamba lomwelo atangolumikiza mabuloko atatu kapena anayi. Koma ana akayamba kupanga zinthu zazikulu, m'pamene ndimaona kuti maonekedwe ake ayamba kuwapinga.

Mwezi watha mtsikana wina ankapanga masewera a munthu wodutsa m'njira zokhotakhota, ndipo ma sprite ake (tizithunzi ta anthu ndi zinthu za m'masewerawo, kalikonse ndi mabuloko akeake) anali atafika 14. Nthawi iliyonse munthuyo akagunda khoma, mapointi ankachoka awiri m'malo mwa imodzi. Tinadziwa kuti vuto lili pa uthenga umene anautcha "wagunda", koma panalibe njira yodziwira kuti ndi ma sprite angati amene ali ndi buloko ya "when I receive" yolandira uthengawo. Mwanayo anayamba kudina sprite imodziimodzi, n'kumakokera malo olembapo kumanja ndi kumanzere, kumwamba ndi pansi, mpaka nthawi yoweruka inakwana nkhope itagwa. Sabata yotsatira tinapeza kuti buloko yachiwiri yochotsa mapointi inabisala kunsi kwenikweni kwa sprite ya khoma, pansi pa mulu wina wa mabuloko umene anaukopera osadziwa. Ntchito ya mphindi ziwiri inatidyera Loweruka lathunthu.

Zina zimene zimandisautsa n'zosavuta kufotokoza. Masikirini athu ndi a 1366 kwa 768, kotero kuti mabuloko osankha akatenga malo kumanzere, siteji n'kutenga ake kumanja, pakati pamatsala kampata kochepa kwambiri. Mabatire a malaputopu awiri anafa kalekale, ndipo magetsi akangothima ntchito yonse imene mwana sanasunge imapita, popeza Scratch yosalira intaneti siisunga yokha. Komanso chikwama chija chimene anzathu a pa intaneti amanyamuliramo mabuloko kuchoka mu pulojekiti ina kupita mu ina, mwathu muno mulibe.

Funso langa ndi lakuti: mwa zimenezi, ndi ziti zimene zili zoyenera kuzipempha kwa amene amakonza Scratch, nanga ndi ziti zimene zili ndi njira yake kale koma ine sindinaidziwe? Sindikufuna kutumiza mndandanda wautali wa madandaulo, ndikufuna kupempha zinthu zochepa zimene ndingazikhalire kumbuyo ndi zifukwa zomveka.

wakale_pa_scratch anayankha kuti:

Aphunzitsi, nkhani ya mtsikanayo yandikhudza, makamaka chifukwa chimene ankachisowacho chinalipo kale ndipo chinachotsedwa. Scratch inatuluka mu 2007 kuchokera ku gulu la Lifelong Kindergarten la ku MIT Media Lab, lotsogoleredwa ndi Mitchel Resnick, ndipo ine ndinayamba ndi Scratch 1.4 ya mu 2009. Mu Scratch 2.0, imene inabwera mu 2013, munthu ukadina batani lakumanja la mausi pa buloko ya uthenga, unkapeza mawu akuti "show senders" ndi "show receivers", ndipo ma sprite onse otumiza kapena olandira uthengawo ankazunguliridwa ndi mzere woonekera. Mwana wanuyo akanaona nthawi yomweyo kuti olandira "wagunda" ndi ati. Munalinso njira yosinthira buloko yophatikiza kukhala yochotsera kapena yochulukitsa popanda kuizula pamalo pake n'kubwezeretsanso zonse zimene zinali m'kati mwake. Mu 1.4 munali "single stepping", imene inkayendetsa pulogalamu pang'onopang'ono buloko iliyonse ikuwala pamene ikugwira ntchito.

"Single stepping" inachotsedwa kale mu 2.0, ndipo zinazo zinatsala m'mbuyo pamene Scratch 3.0 inatuluka mu Januwale 2019. Chifukwa chake n'chomveka: 2.0 inkadalira pulogalamu ina yotchedwa Flash, imene kampani ya Adobe inasiya kuisamalira kumapeto kwa 2020, ndipo panafunika kulemba pulogalamu yonse mwatsopano, mabuloko ake atamangidwa pa Blockly, chida cha Google chopangira mabuloko otere. Pomanganso nyumba kuyambira pa maziko, si katundu yense amene amalowa tsiku losamuka. Koma zaka zapitapo, ndipo ine ndikuona kuti pempho lanu loyamba likhale lakuti abwezeretse njira yoonera otumiza ndi olandira uthenga. Pempho lotere lili ndi mphamvu chifukwa simukupempha chinthu chachilendo, koma chimene eni akewo anachiona kale kuti n'choyenera ana.

Pa zinazo njira zilipo. Pamwamba pa siteji pali timabatani tosinthira kukula kwake, ndipo kamodzi kamachepetsa siteji kuti malo olembapo akule. Mukadina batani lakumanja pamalo opanda buloko mupeza "Clean up Blocks", imene imandandalika milu yonse motsetsereka, ndipo mulu wobisala uja ukanaonekera. M'malo mwa chikwama, sungani sprite payokha ngati fayilo ya .sprite3, muiike pa fulashi, kenaka muilowetse mu pulojekiti ina, ndipo imabwera ndi mabuloko ake onse. Pali chowonjezera cha mu browser chotchedwa Scratch Addons chimene chili ndi bokosi lofufuzira mauthenga ndi ma variable (mosungira zinthu monga mapointi), koma chimagwira ntchito pa Scratch ya pa intaneti yokha. Inu chimene chingakuthandizeni ndi TurboWarp ya pa desikitopu, mtundu wina wa Scratch wokonzedwa ndi anthu ena, imene imatsegula mafayilo omwewo a Scratch a .sb3, ili ndi zambiri mwa zowonjezerazo, ndipo siifuna bandulo mukangoiika.

mayi_wa_masamu anayankha kuti:

Ndikugwirizana ndi abambo ayankha pamwambapa pa nkhani ya mauthenga, koma ndikufuna tisamale tisanayambe kupempha kuti zonse za mu Scratch Addons zilowe mu Scratch yeniyeni. Seymour Papert, amene anali m'modzi mwa opanga Logo, chinenero chakale chophunzitsira ana kupanga mapulogalamu, ankaphunzitsa kuti chida cha ana chizikhala chosavuta kuyamba nacho komanso chololeza kufika patali, ndipo Resnick anawonjezerapo kuti chizilola ana osiyanasiyana kupanga zinthu zosiyanasiyana. Batani lililonse limene lawonjezedwa pa sikirini ndi chinthu chinanso chimene mwana wa zaka 8 ayenera kuchidutsa ndi maso asanapeze chimene akufuna. Ife akuluakulu timapempha zinthu tikuganizira mwana wa ma sprite 14, n'kuiwala mnzake amene akuvutikabe kugwira mausi. Tizikumbukiranso kuti mabuloko a 3.0 anakulitsidwa dala kuti adinike ndi chala pa tabuleti, ndipo chimenechi n'chimene chikukudyerani malo pa masikirini anu aang'onowo.

Ine ndimasiyanitsa zosintha zimene zimaoneka nthawi zonse ndi zimene zimakhala chete mpaka utazifuna. Kuti pulogalamu izisunga yokha ntchito pakapita mphindi zingapo sikuwonjezera batani ngakhale limodzi, ndipo mwana woyamba kumene sangadziwe n'komwe kuti kulipo kufikira tsiku limene magetsi athima iye n'kupeza masewera ake ali bwinobwino. Scratch ya pa intaneti imachita kale zimenezi kwa amene walowa mu akaunti yake, ndiye kuti amene akumanidwa ndi ana omwewo amene alibe intaneti, omwenso nthawi zambiri ndi amene magetsi awo ndi osadalirika. Kwa ine limeneli ndiye pempho loposa onse, Aphunzitsi, ndipo mukamalemba mufotokoze za mabatire akufawo monga mwatifotokozera ife, chifukwa wokonza pulogalamu amene magetsi sanamuthimirepo ali pakati pa ntchito sangaganizire yekha zimenezi.

Amene akufuna zida zambiri ali ndi kolowera. Snap!, pulogalamu yofanana ndi Scratch imene inachokera ku yunivesite ya California ku Berkeley kudzera mwa Jens Mönig ndi Brian Harvey, inapangidwira ophunzira okulirapo, ndipo ili ndi kofufuzira mabuloko ndi koyendetsera pulogalamu pang'onopang'ono.

wa_pulojekita anayankha kuti:

Ine ndiwonjezere za mitundu ndi za chinenero. Ndimaphunzitsa ndi pulojekita m'chipinda chopanda makatani, ndipo dzuwa likalowa, mabuloko achikasu a Events, a Control amene ali ngati lalanje, ndi a Variables amene ndi lalanje loderapo, onse amaoneka ngati amodzi kwa mwana wokhala kumbuyo. Mu 2023 anawonjezera mitundu ina yotchedwa High Contrast, imene ili ndi zilembo zakuda pa mabuloko owala, ndipo kuwerenga kunapepuka ndithu. Chatsala ndi mabuloko obiriwira a masamu akalowetsedwa ina m'kati mwa inzake: mwana akalemba kuti x kuphatikiza 10, kuchulukitsa ndi 2, kugawa ndi liwiro, zonse zimakhala mzere umodzi wobiriwira wautali wosadziwika polekezera, ndipo umapitirira mpaka kutuluka pa sikirini. Mu Snap! mabuloko a mtundu umodzi akalowana amasinthanasinthana, ina yowala ina yoderapo ngati mizere ya mbidzi, ndipo buloko ikatalika kwambiri imapindikira pa mzere wachiwiri. Zimenezi sizionjezera batani, choncho zikudutsa pa muyeso wa amayi anena pamwambapa.

Kupindika kwa mabuloko aatali kukutikhudza ife pa chifukwa chinanso. Scratch ili m'zinenero zoposa 70, kuphatikizapo Kiswahili, isiZulu ndi isiXhosa, ndipo amamasulira ndi anthu ongodzipereka kudzera pa webusayiti ya omasulira yotchedwa Transifex, koma pamene ndinayang'ana komaliza pa mndandanda wa zinenerozo Chichewa panalibe. Ndinayesa kumasulira mabuloko ochepa pa bolodi pamodzi ndi ana anga. "Move 10 steps" inakhala "yenda mapazi 10", ndipo "repeat until" inakhala "bwereza mpaka", zomwe ana anazimva msanga kuposa Chingerezi. Koma mabuloko ena amatalika kwambiri m'Chichewa, monga uja wofunsa ngati mtundu wina wakhudza mtundu unzake, ndipo tsiku limene tidzamasulire Scratch yonse, sikirini ya 1366 idzatichepera kuposa lero ngati mabuloko adzakhale asanaphunzire kupindika.

mphunzitsi_wa_loweruka anayankhanso kuti:

Zikomo kwambiri nonse. Loweruka lapitali ndinaonetsa ana kabatani kochepetsa siteji ndi "Clean up Blocks", ndipo mnyamata wina anapeza milu itatu ya mabuloko imene anaiwala kuti anailemba. Ndavomereza mfundo ya Amayi, ndipo kusunga ntchito kokha ndikuika patsogolo, kenaka kuona otumiza ndi olandira uthenga. TurboWarp ndaiika pa laputopu imodzi ya ana okulirapo, koma ang'onoang'ono ndawasiya pomwe anali. Chimene ndikukayikabe ndi "single stepping". Ndikuona kuti ikanathandiza ana kumvetsa mmene "repeat" imazungulirira, chifukwa ambiri amaganiza kuti mabuloko onse amachitika nthawi imodzi. Kodi ndiiphatikize pa pempholi, kapena idzalilemetsa?

wakale_pa_scratch anayankhanso kuti:

Ilembeni payokha, Aphunzitsi, ndipo muichepetse. Vuto lake ndi lakuti mu Scratch milu yambiri ya mabuloko imayenda mosinthana mofulumira, siteji ikujambulidwa ka 30 pa sekondi, ndipo pulojekiti imodzi imatha kukhala ndi ma clone (makope a sprite) okwana 300 nthawi imodzi. Mukangopempha kuti buloko iliyonse iziwala ikamagwira ntchito, wokonza adzafunsa kuti iwale ya sprite iti, nanga ya clone iti, ndipo pempho lanu lidzaima pomwepo. Pemphani kuti pakhale njira yochepetsera liwiro, yobisika mu menyu ya Edit pafupi ndi Turbo Mode imene ilipo kale yowonjezera liwiro, ndipo kuti aziwala mabuloko a sprite yokhayo imene mwana watsegula pa nthawiyo. Muikepo fayilo yaing'ono ya sprite imodzi yokhala ndi "repeat 4" yojambula sikweya, ndipo mufotokoze zimene ana anu amayankha mukawafunsa kuti buloko yoyamba kuchitika ndi iti. Pakadali pano, ikani "wait 1 seconds" pakati pa "move" ndi "turn" m'kati mwa "repeat", ndipo muuze mwana mmodzi aziloza ndi chala pa sikirini buloko imene akuganiza kuti ikugwira ntchito pamene kamphaka kakuyenda, anzake akuwerenga mokweza kuti kazungulira kangati.