Dzina loti Fátima ndi la Asilamu kapena la Akatolika?

Abale a pagulu pano ndithandizeni. Ndine wa ku Ulongwe, ndachira mwana wamkazi pa 13 Meyi ndiye apongozi anga atangomva tsikulo anayimba nthungululu akuti basi dzina labwera lokha, ndi Fátima. Iwowo ndi akatolika a ku Lifidzi, korona sachoka m'khosi. Koma amalume awo a bambo a mwanayu akukana, akuti limenelo ndi la Asilamu iwo amalimva kwa amwenye a masitolo ku Tete, moti dzulo anasiya nsima pakati nkupita. Ine ndimafuna Chisomo koma mtengwa anganene chani. Sabata yamawa tikukalembetsa sedula (chikalata cha kubadwa kwa mwana), dzinali limatanthauza chani ndipo linachokera kuti?

Mayi wina wa ku Domwe: Mwachira mayi, zikomo. Mwana wa 13 Meyi mukufunsanso? Tsiku limenelo mu 1917 ndi lomwe akatolika timakhulupirira kuti Amayi Maria anaonekera kwa ana atatu oweta nkhosa, Lúcia, Francisco ndi Jacinta, ku Fátima m'dziko la Portugal. Ndiye Fátima ndi dzina la malo, nchifukwa ambiri amatchedwa Maria de Fátima. Apongozi anu sanalakwe.

Bambo wa ku Moatize: Amalumewonso sanalakwe amayi. Ine ndine msilamu, dzinali ndi lachiarabu, Fatima anali mwana wamkazi wa Mtumiki Muhammad, mkazi wa Ali, mayi wa Hasan ndi Husayn. Limachokera ku mawu oti kusiyitsa mwana kuyamwa. Ku Portugal Asilamu analamulako zaka mazana ndiye dzina linatsalira pamalopo, akatolika analipeza lilipo kale.

Wina: Ife kwathu ku Furancungo a Fátima alipo atatu, onse a mpingo wosiyana, palibe anadwalapo nalo dzina kkkk

Mayi wa ku Domwe uja: Komatu musataye Chisomo wanuyo, ku rejisito amalemba mayina awiri bwinobwino. Amene anamva kuwawa ndinu.

Mwini funso: Zikomo nonse. Apongozi ndawawerengera, pa za kuyamwapo aseka mpaka kutsokomola akuti iiii asiye bere mwana wa masabata awiri? Amalume sindingawauze ndine, awauza bambo ake madzulo ano. Lolemba tikalembetsa Fátima Chisomo.