Pegging: tigone bwanji kuti bambo asamve kuwawa?

Amayi anzanga, ndithandizeni nzeru. Ine ndi bambo akunyumba tinagwirizana zoyesa pegging (kugonana kumene mkazi amalowetsa chidole kumalo ochitira chimbudzi a mwamuna), ndipo tinagula chidole chaching'ono cha silikoni chomangira m'chiuno. Chikutivuta ndi kagonedwe. Akagwada ine ndili kumbuyo, amati chimalowa kwambiri, komanso sindiona nkhope yawo kuti ndidziwe ngati akumva kuwawa. Msana wawonso ndi wovuta.

Kodi kugona chammbali atapinda mawondo kumathandiza? Kapena akhale pamwamba kuti aziyeza okha kuya kwake? Ena amati agone chagada, pilo ali pansi pa chiuno.

Timachiveka kondomu, ndipo mafuta ofewetsa timagwiritsa a madzi chifukwa a silikoni amawononga chidolecho. Koma amauma msanga, ndipo kumalo ochitira chimbudziko sikunyowa mwachilengedwe. Mumawonjezera kangati? Nanga ndi kuwawa kotani kumene tiyenera kusiya n'kupita kuchipatala?